Mabisiketi a Mandimu ndi Alamu Anga

Ine Scholastica ndine wa ku Dedza, koma ndinakwatiwa ku Mzimba. Amuna anga a Stafford Jere amayendetsa lole yamatabwa ku Chikangawa. Lachinayi lina amayi a kumpingo kwathu tinkatsazikana ndi akazi a abusa, ndipo ndinalonjeza kubweretsa mabisiketi a mandimu, aja ofumbutuka m'kamwa.

Mabisiketi amenewa safuna zambiri: batala, shuga, fulawa, ndi khungu la ndimu lopala bwinobwino. Madzi ayi, dzira ayi. Batalayo ndinachita kuitanitsa ku Mzuzu.

M'mawa wa tsikulo anatulukira alamu anga a Phoebe, alongo awo a Stafford, kuchokera ku Edingeni, osanena n'komwe kuti akubwera. Anandipeza ndikufikisa batala mu fulawa ndi zala.

“Mulamu, ichi chauma chomene,” anatero atasuzumira m'beseni. “Mbwenu chigwirana bwanji?”

“Chimafunika chotero, alamu. Pumulani, tiyi ali patebulo.”

Nditangoti ndiyatse uvuni, magetsi anathima. Ndinatuluka kukakoleza mbaula, ndikuti ndiphikire mumphika wa mchenga, makala ena pachivundikiro. Makalawo anali onyowa, moti ndinakupiza mpaka mkono kuwawa.

Pobwerera ndinapeza a Phoebe atapinda manja a bulauzi, akutakasa ndi mthiko. Pambali panali makoko a mazira atatu, paketi ya soda, ndi mandimu onse anayi atafinyidwa.

“Ndakukonzerani,” anatero akumwetulira. “Mukanachita manyazi pagulu.”

Ndinayang'ana m'beseni. Munali phala lonanda, likutulutsa thovu. Mawu amene anafika pakamwa panga ndinawameza, poti alongo a mwamuna sawalankhula choncho. Ndinangofunsa kuti, “Mwathira soda yochuluka bwanji?”

“Yapamaso.”

Zimene zinatuluka mumphika zinatupa ngati masikono, zachikasu, zowawira kukhosi. A Phoebe analuma chimodzi, natafuna nthawi yaitali.

“Vuto ndi makala anuwa,” anatero.

Batala anatsala pang'ono papepala. Ndinawapempha kuti akanditolere mandimu awiri kwa aneba, kenako ndinakhoma chitseko chakukhitchini. Atabwerako ndinalandira mandimuwo pawindo.

“Mwakhoma?”

“Mphepo imaononga, alamu.”

Anaima pawindo pomwepo mpaka ndinamaliza, akundilangiza chilichonse. Ati ndadula mokhuthala. Ati kubaya ndi foloko n'kusewera. Ati kwawo chinthu choyera chotero amati sichinapse. Ine thukuta lili kamukamu, ndikusuntha makala ndi supuni.

Anatuluka mabisiketi khumi ndi anayi okha, koma enieni, onunkhira ndimu nyumba yonse. Amayi tinalipo oposa makumi atatu, choncho ndinapatsa akazi a abusa chitini chonse kuti akadyere kwawo. Enawo anamwera tiyi masikono a alamu anga, amene anabwera nawo okha atasenza pamutu. Amayi ena ndinawaona akukulunga awo m'mipango mwakachetechete.

Pobwerera tinadzera pamsika. Pamenepo a Phoebe anaima n'kuyamba kusankha tomato.

“Mwana ameneyu, Stafford, waonda,” anatero. “Ndikhala mpaka mwezi uthe, ndione mmene mumaphikira ndiwo.”

Anandipatsa jumbo ya tomatoyo kuti ndinyamule, iwo natsogola.