Mfuu ya a Consolata

Nyimbo yoyamba m'chimbale cha Luntha siyamba ndi gitala. Imayamba ndi mawu a mayi ake, a Consolata, akukuwa m'nkhalango ya paini paphiri la Zomba: "Tsikani anzanga, kwayeraaa!" Amayi otola nkhuni amadziwitsana ndi mfuu imeneyi kuti alonda a nkhalango kulibe, atha kutsika ndi mitolo yawo. Luntha adaijambula pafoni tsiku lina atawaperekeza, osawauza.

Chimbale chitatuluka, a Blaise, mphunzitsi wa nyimbo kukoleji, adachiyamikira pawailesi theka lonse la ola. Adati nyimbo zinazo n'zabwino ndithu, koma yoyambayo ndiye mtima wa phiri. Pofuna kuonetsa kuti adafufuza, adamasulira tanthauzo la mfuuyo bwinobwino. Luntha adamvera ali m'kachipinda kake ku Chikanda, akumwetulira yekha.

Lachinayi lotsatira adapita kwawo, atanyamula nyuzipepala yomwe idalembanso zomutama. Pakhonde adapeza mayi ake ndi amayi ena atatu atakhala pansi, nkhata zili pamiyendo, mtolo wa nkhuni palibe ndi umodzi womwe.

"Wafika woimba uja," adatero a Aggie, mnzawo wa mayi ake. "Khala pansi, umve mmene nyimbo yako yayendera malonda."

Adafotokoza kuti m'mawawo adamva mawu a Consolata akuti kwayera, onse n'kusenza, n'kutsika. Pokhota njira adapeza mlonda atakhala pachitsa, foni ili m'manja, kasipika pambali kakulira nyimbo ya Luntha ija. A Consolata eni ake adali kumbuyo kwawo, pakamwa pali chitsekere. Nkhuni ndi zikwanje zonse zidalandidwa.

"Ndikawapempha a wailesi asiye kuiika," adatero Luntha.

"A wailesi? Mwanawe, ili m'foni ya wakabaza aliyense. Ukawapemphe onsewo."

Luntha adapinda nyuzipepala ija kawiri, kenako katatu. Mayi ake adaiyang'ana.

"Akuti chiyani m'menemo?"

"Akuti muli ndi mawu abwino, amayi."

"Zikomo. Za chikwanje changa sadalembe?"

Palibe amene adaseka. Amayi enawo adanyamuka mmodzimmodzi, akukutumula zitenje. A Aggie adatsanzika khonde, osati munthu.

"Mawa mukwera nawo?" Luntha adafunsa motsitsa mawu.

"Ndikwera ndekha. Ntchito yanga pagulu inali kukuwa. Ndani angatsikenso atamva mawu anga?"

Kumsewu kudadutsa njinga yamoto, sipika ikulira. "Tsikani anzanga, kwayeraaa!" A Consolata adatola nkhata yawo n'kulowa m'nyumba.