Tinyumba Tinayi ta Pulofesa

Foni ya aphunzitsi a masamu inandipeza ndili kusitolo kumene ndimagwira ntchito, ndikupimira kasitomala misomali.

"Mayi, kodi mwana wanu amapita kuti masana? Belu la chakudya likangolira amasowa, ndipo phunziro langa limatha mpando wake uli wopanda munthu. Mayeso apitawa walephera. Ahedi akuti akapitiriza chonchi amuchotsa pa mpikisano wa sayansi."

Misomali inatayika pansi. Mtsikana wa fomu 3 kumasowa masana alionse, mayi ungaganize chiyani? Ndisaname, ndinaganiza za anyamata. Osadziwa kuti chibwenzicho chili kuseri kwa nyumba yanga yomwe!

Mwanayu timamutcha Pulofesa, chifukwa anayamba kufunsa kuti "chifukwa chiyani" mano asanathe kumera. Chaka chimenecho, pokonzekera mpikisano wa sayansi uja, anamanga kuseri kwa nyumba yathu tinyumba tinayi ta makatoni, tolekeza m'mawondo, tofolera ndi zidutswa za malata. Denga lina analipaka penti yoyera, lina yakuda, lina analiyalira chiguduli, lina anangolisiya. M'kanyumba kalikonse anaikamo kagalasi koyezera kutentha komwe anabwereka kusukulu. Ankafuna kudziwa denga limene limasunga nyumba yozizira.

Vuto ndi lakuti kutentha kwenikweni kumabwera dzuwa lili paliwombo, nthawi imene mwana amayenera kukhala m'kalasi. Ndiye iye ankathamanga kuchoka kusukulu, kulowera pakhomo lakuseri ngati mbava, kuwerenga timagalasi take, n'kuliyatsanso liwiro lobwerera. Pofika, masamu atatha kalekale. Bambo ake ndi telala, amasoka pakhonde lakumaso, koma ndi phokoso la makina aja sankamva kanthu.

Madzulo ake mwana atandiuza kumene ankapita, ine n'kuulula nkhaniyi, bambo ake anavula tepi yoyezera m'khosi n'kuiponya patebulo.

"Mawa m'mawa ndikuphwasula mudzi wakowo! Ine ndimalipira sukulu, osati makatoni."

"Ababa, chonde! Mukaphwasula ndiye zonse zathera pomwepo," anatero Pulofesa, misozi ili mbwembwembwe.

Nditamuyang'anitsitsa ndinamva chisoni. Mwana anali ataonda, mpira wamanja anali atausiya, anzake anali atatopa n'kumuitana. Chakudya ankadya chiimirire ngati mlendo wothamangira basi.

Phokoso lathu linadumpha mpanda n'kukafika kwa anansi athu, mayi amene amayeza magazi ku labotale ya chipatala. Ana onse mumsewu mwathu amawatcha Anti. Anabwera, nazungulira tinyumba tija pang'onopang'ono, akugwedeza mutu.

"Bambo, musaphwasule. Iyi ndi ntchito yeniyeni," anatero. Kenaka anatembenukira kwa Pulofesa. "Koma iwe, tandiuza. Ine ndikapita kutchuthi, ukuganiza kuti chipatala chimasiya kuyeza magazi?"

"Ayi, Anti."

"Chifukwa timalandirana. Aliyense amadziwa njira yake ndipo amaitsata chimodzimodzi. Nanga iwe bwanji ukufuna kukhala kuwiri nthawi imodzi?"

"Koma Anti, wina akandiwerengera, si ndiye kuti ndabera?"

Anti anaseka mpaka kugwira mpanda. "Kubera ndi kulemba nambala yopeka. Kuthandizidwa si kubera, bola unene poyera amene anakuthandiza. Funso ndi lako, nzeru ndi zako. Koma ukalephera masamu, manambala ukusonkhanitsawa udzawawerengera ndi chiyani? Tsono ndani amakhala pakhomo pano masana?"

Tonse tinayang'ana bambo ake. Iwo anayang'ana kumwamba.

"Ine? Ine ndi makatoni?"

"Inu amene, bambo a Pulofesa," ndinatero. "Tsiku lonse mumayeza ziuno za anthu, kagalasi kangakukanikeni?"

Anang'ung'udza, koma anavomera. Anti anatithandiza kugawa sabata: masana mwana akhale m'kalasi, madzulo ayambe ndi homuweki, Loweruka likhale la kafukufuku, ndipo masiku a mpira apite ku mpira osanyinyirika. Ine ndinapita kusukulu kukapepesa. Ahedi anati dzina lake likhalabe pa mpikisano, koma akangolepheranso mayeso otsatira alifufuta.

Tsiku loyamba, Pulofesa anabwera akuthamanga, nayang'ana zimene bambo ake analemba, n'kugwira pakamwa. Tinyumba tonse tinayi nambala yake inali imodzimodzi.

"Ababa, munawerengera kuti?"

"Pakhonde, pamthunzi. Ndinatolera timagalasi tonse n'kukhala nato pansi bwinobwino. Padzuwa paja maso amachita chidima."

Ine ndinayembekezera kulira. Koma mwana anaphulika ndi kuseka mpaka kukhala pansi. Kuseka kotere ndinali nditakuiwala m'nyumba mwathu. Anafuna kufufuta tsikulo n'kuikapo manambala ofanana ndi adzulo, koma Anti anakaniza.

"Lemba zimene zachitika. Nena kuti lero muyeso walakwika, ndi chifukwa chake. Kenaka uwaphunzitse bwino bambo akowa. Wolakwa ndi iwe, unawapatsa ntchito osawauza kachitidwe kake."

Ndiye Pulofesa anakhala mphunzitsi. Anawaonetsa kuti kagalasi kawerengedwe kali m'kanyumba momwemo, osakagwira kumunsi ndi zala, ndipo kachitseko katsekedwe msanga. Anawabwerekanso chipewa changa cha dzuwa. Abale inu, pasanapite nthawi munthu amene ankafuna kuphwasula mudzi uja anasanduka mlonda wake. Kasitomala wina ankayezedwa buluku, dzuwa litafika pamutu anangosiyidwa manja ali m'mwamba.

"Dikirani pang'ono, achimwene, ndili ndi kafukufuku."

Masamu sanabwerere tsiku limodzi ayi. Panali madzulo ena amene buku linkatsekedwa mwaukali, koma anzake a mpira aja anayamba kubwera kudzawerenga naye patebulo lathu. Mayeso atatuluka, anakhoza. Sanali woyamba, koma anakhoza bwino, ndipo dzina lake linatsala pa mpikisano.

Tsiku la mpikisano holo inadzaza. Pulofesa anafotokoza mosajejema kuti kanyumba ka denga loyera ndi kamene kanali kozizira kuposa tonse, ndipo ka denga lakuda kanali ng'anjo. Woweruza wina, bambo wa magalasi okhuthala, analoza pa tchati.

"Apa palibe nambala. Chinachitika n'chiyani? Ndipo masana iwe umakhala m'kalasi, ankawerenga ndani?"

Mwana anamwetulira.

"Tsiku limenelo muyeso unalakwika chifukwa sindinafotokoze bwino, ndiye sindinafune kupeka. Amene ankandiwerengera masana ndi bambo anga. Ali kumbuyo uko."

Bambo ake anaimirira osaitanidwa, nawerama mbali zonse ngati ndi iwo apambana, holo yonse ili m'manja. Pulofesa anatenga malo achiwiri, ndipo oweruza anati anakonda kwambiri malo opanda nambala aja.

Makolo anzanga, mwana akakonda chinthu mpaka kuiwala kudya, musathamangire kuchiphwasula. Khalani naye pansi, mugawe nthawi, mutengeko gawo la katunduyo. Nanunso ana, luso lanu lisakutulutseni m'kalasi kapena kukulandani anzanu. Pemphani thandizo, nenani zoona, ndipo belu likalira mupezeke pampando wanu.