Mbaula ya Makina Nambala 7

Ndinafika ku Bulawayo dzuwa litalowa. Mzindawu sindiudziwa. Ndinabadwirako, inde, koma tinachoka ndili ndi zaka zinayi. Blantyre, Beira, Joni, konseko ndakhalako. Sindikhalitsa pamodzi.

Azakhali anga a Enelesi, a ku Mpopoma, anandidikira potsikira kombi. M'chikwama changa munali mbaula ya bambo, yokulunga m'chitenje.

"Tikondwe, wabwera nachodi chinthucho?"

"Ndabwera nacho, azakhali."

"Hayi bo. Usakandichititse manyazi. Iwe mawa upita, ine ndimakhala kuno."

Ndi iwowa ananditumizira chithunzi pafoni. Fakitale ya mabulangete imene bambo ankagwirako ntchito aisandutsa nyumba yoonetsera zaluso. Makina akale awasiya pakati, awapukuta. Pa nambala 7 akhomapo chikwangwani. Akuti mu 1994 wantchito wina, ataledzera, anachotsa chitsulo chotchinga mano a makina, makinawo namudula zala zinayi.

Wantchito wina. Bambo anga, a Simeon. Munthu wa Sabata, wosamwa ngakhale tiyi. Ntchito inatha. Kutchalitchi anawaimitsa. Anabwerera ku Malawi dzanja lamanja lili ndi chala chachikulu chokha. Anamwalira ku Ndirande bodzalo lisanafufutike.

Usiku womwewo tinapita kunyumbayo. Linali tsiku lotsegulira. Makoma oyera mbee. Nsanza za mabulangete zikulendewera kudenga, akuti ndi luso. Kutsogolo anthu onunkhira, vinyo m'manja. Kumbuyo amayi okalamba a m'malokeshoni, ochita kuitanidwa kuti adzakongoletse mwambo.

Pambali pa nambala 7 panaima a Nkosana Dube, amene anali kapitawo wa bambo. Ovolosi yatsopano. Imvi mutu wonse. Awalemba ntchito yofotokozera alendo mbiri ya fakitale. Ankasimba za chidakwa chija, akudzandira motsanzira. Anthu ankaseka.

"Kapitawo, muli bwanji?"

Ndinalankhula Chichewa dala. Amachimva. Anatukwanira nacho anthu zaka makumi awiri.

"Ah, mwana wa ku Nyasa! Wa ndani iwe?"

"Wa chidakwa chanucho."

Ndinamasula chitenje. Mbaula yakuda, yonga theka la mgolo, ya miyendo itatu. Ndinaikweza n'kuigunditsa pa mano a makina. Inakhala ndendende. Mabowo anayi a mabawuti anayang'anana ndi anzake.

Mayi woyang'anira nyumbayo, Nicole, anabwera chothamanga. Ndinamuonetsa m'mbali mwa chitsulo. Nambala 7, yodinda kufakitale. Pansi pake N.D., zilembo zokhomedwa ndi msomali.

"Kapitawoyu ankamasula zotchinga," ndinatero, mokweza. "Akuti makina azithamanga. Kumapeto kwa sabata akuziboola, akuziwotcherera miyendo, akugulitsa. N'kulembapo dzina, poti mmisiri amanyadira ntchito yake. Iyi bambo anakaipeza kumsika atatuluka m'chipatala. Anainyamula ndi dzanja limodzi."

"Amanga! Bodza!" anakuwa a Nkosana. "Zitsulo zimafanana."

Ndinaona kuti alendo ayamba kuyang'ana kumbali. Ndinatsala pang'ono kusanduka mkazi wamisala wa mbaula.

Kenako mawu kumbuyo. Azakhali.

"Nkosana, yanga inali nambala 3. Unandibweretsera wekha panjinga."

"Yanga 11," anatero mayi wina wa duku lofiira. "Ilipo. Ndimawotcherapo chimanga."

Wina anaseka. Kunali kuseka kwina tsopano.

Nicole maso anali pa mbaula basi. Akuti ndi chinthu champhamvu kuposa zonse m'nyumbamo. Akuti ndiisiye pomwepo, aimangirira pa makina.

"Ndiisiya. Koma chikwangwanicho chichoke. Panopa. Wochotsa akhale kapitawoyu."

Nicole anapita kukatenga sikuludiraiva.

A Nkosana anandiyandikira. Mawu anatsika.

"Mwanangu, ndakalamba. Ntchito iyi ndi imene ikundidyetsa. Adzukulu anga ali uko, akuona."

Ndinayang'ana manja awo. Oyera, zikhadabo zowengedwa bwino.

"Zala muli nazo khumi, kapitawo. Masulani."

Masikuluwu anali anayi. Sindinathandize. Sikuluwu yachitatu inavuta. Ndinadikira. Aliyense anadikira.

Pamalo pa chikwangwani, Nicole anamata pepala. Ndinalemba ndekha. Simeon Chiukepo, woyendetsa makina awa. Sanamwepo mowa. Amene anachotsa chotchinga ndi kapitawo wake. Dzina la kapitawoyo sindinalembe. Lili kale pa chitsulo, analemba yekha.

M'mawa kusanayere azakhali anandiperekeza kukakwera kombi. Anthu a ku Mpopoma anali kusesa mabwalo.

"Mkuluyo satulukanso m'nyumba," anatero. "Sukumumvera chisoni ngakhale pang'ono?"

"Ayi."

"Mtima wako si wa Simeon."

"N'chifukwa chake ndinabwera ine."

Kondakitala anamenya chitseko. Ndinakhala pawindo, chikwama pamiyendo. Chinali chopepuka. Munali chitenje ndi chikwangwani chakale chija, choti ndikachithyolere pamanda ku Ndirande.