Mwendo Wotsimphina wa Ezron

Mwaba anafika pamaliro ndi botolo la paudala m'thumba, koma dzanja linakana kulitulutsa. Womwalirayo anali Ezron, mnzake wa pamtima, Mngoni wa ku Chipata amene anadzakhazikika ku Palabana n'kumaweta ng'ombe za mkaka. Mwaba anali Mbemba, choncho awiriwa anali pa chimbuya, ubale uja wonyozana popanda mlandu. Pamaliro m'pamene a chimbuya amagwira ntchito yaikulu: amapaka anamfedwa paudala kumaso, kuwanena, kumuseka ngakhale womwalirayo, kuti chisoni chisameze amoyo.

Ezron ankakonda kunena kuti nthabwala zinabadwira pamaliro, osati pamowa. Ankati zilipo zoluma, zimene amphawi amalasa nazo olemera, zilipo za ana zongogwa n'kudzuka, koma zenizeni n'zimene zimadzutsa munthu amene wagwa mumtima. Ali m'chipatala, thupi litatheratu, anagwira Mwaba pamkono.

"Iwe wakudya anyani," anatero, poti Angoni amanyoza Abemba kuti amadya anyani, "nikafa ukasekese Dyness. Nimuziba uja, azauma monga mwala."

Sananame. Chiyambire maliro, mkazi wake Dyness anangokhala pakona, osalira, osadya, osayankha. Amayi a kwaya anaimba mpaka mawu kusasa, iye maso ali pakhoma. Achibale anayamba kunong'onezana kuti akapitiriza chonchi amutsatira mwamuna wake.

Abemba ena anayesa. Ednah, wogulitsa tomato kumsika, analowa ndi mbewa zouma akufuula kuti wabweretsa ndiwo za mafumu a ku Chipata. Anthu anaseka, Dyness osaphethira n'komwe. Maso onse anatembenukira kwa Mwaba, katswiri amene ankathyola anthu nthiti pa ukwati uliwonse. Koma lero zinamukanika. Ankamukonda Ezron kuposa m'bale wake wa bere limodzi, ndipo nthabwala iliyonse inkamuwawa mkamwa. Anatuluka panja mwamanyazi.

Kuseri kwa khola anapeza njinga ya Ezron, zigubu za mkaka zikadali zomangirira, magambutsi ali pambali. Ezron ankatsimphina chifukwa ng'ombe inamuponda kalekale, ndipo akamakankha njinga ankakalipira zigubuzo ngati ana osamva. Mwaba anavala magambutsiwo, nalowa nayo njinga m'nyumba ya maliro, akutsimphina, zigubu zili gobede gobede.

"Nkhalani zii imwe!" anakalipira zigubu ndi mawu enieni a Ezron. "Mkaka uzasasa na chongo chanu!"

Nyumba yonse inadzidzimuka, kenaka mayi wina anaphulika ndi phwete, ena n'kutsatira. Dyness anachotsa maso pakhoma. Anamuyang'ana Mwaba kuyambira kumutu mpaka kumagambutsi.

"Ba Mwaba," anatero ndi mawu osasa, oyamba chiyambire maliro, "mwalakwisa mwendo. Unali wa kumanzere."

Analakwitsadi, misozi inali itamusokoneza. Koma wa chimbuya sagonja wamba.

"Awe mulamu, wa kumanja! Imwe bakudya mbeba muziba chani pa mendo?"

"Nakhala naye ine kapena imwe?"

Dyness anagwira khoma, nadzuka pang'onopang'ono, namulanda njinga. Ndiye anayenda. Phewa lopendekeka, mutu patsogolo, mwendo wamanzere ukukokedwa mochedwa, kamluzu kosamveka bwino pakamwa. Anali Ezron yemwe, wathunthu. Mwaba anaona kuti iye ankangotengera kutsimphina chabe, pomwe mayiyu ankamudziwa munthu yense. Anthu anaseka mpaka kugwirana, Dyness nayenso akuseka, thupi lonse likugwedezeka.

Atafika pakhomo anatsamiritsa njinga pomwe Ezron ankaitsamiritsa m'mawa uliwonse pochokera kokapereka mkaka. Anakweza chibwano, naitana ndi mawu a mwamuna wake.

"Dyness! Tiyi ili kuti?"

Panalibe woyankha. Anaima akumvetsera, pakamwa pakadali kumwetulira, kenaka anadzandira. Kulira kumene kunatuluka kunamveka mpaka kumsewu wa maminibasi. Amayi anamuwakha asanagwe, ndipo palibe anamuletsa kulira.

Dyness atatopa nako kulira, Mwaba anagwada pafupi, natulutsa paudala uja, namupaka pamphumi mofatsa, nayenso misozi ili chuchuchu. Ednah anabwera ndi kapu ya tiyi wamkaka wa ng'ombe za Ezron. Dyness anailandira ndi manja awiri, namwa.