Bambo Pansi pa Mkeka

Mlongo wanga Faleupolu nyuzipepala za ku Auckland zimamutcha katswiri. Ine ndimamutcha Polu basi, ndipo tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kumuswa mutu ndi mwala.

Anachoka kuno ku chilumba chathu cha Savai'i kupita ku Auckland ndevu zisanamere. Anayamba ndi kunyamulira azungu ojambula mafilimu mawaya ndi kuwaphikira tiyi, kenako n'kumalemba timasewero ta pa wailesi ya kanema, mpaka anafika pokhala iyeyo wolemba, iyeyonso wolamula kumene kamera iloze. Zithunzi zake akulandira mphoto zadzaza khoma kwathu. Sindikana, mutu ali nawo. Chimene alibe ndi manyazi.

Chaka chatha anatulutsa sewero la magawo asanu ndi limodzi. Mudzi wonse unkasonkhana kwathu kuonera, ife tikuyenda mapewa m'mwamba. Gawo lachitatu, taonani: dalaivala wa basi yamatabwa, wotsimphina mwendo wamanzere, woimba nyimbo za kutchalitchi akuyendetsa, botolo la mowa lili pansi pa mpando, mpaka kugwetsa basi m'phompho. Abale inu! Ndani sanamuzindikire Ioapo, malemu dalaivala wa basi ya m'mudzi mwathu? Dzina lokha ndi limene Polu anasintha. Ioapo weniweni anafa mtima utaima ali pachiwongolero, ndipo mowa sanaulawepo chibadwire. Mkazi wake, mayi Telesia, anadzuka pakati pa anthu n'kutuluka. Ana awo aamuna atatu ndiwo anatuluka akugenda denga lathu.

Ndinamuimbira foni.

"Iwe Polu, wachita chiyani?"

"Achemwali, ndi nthano chabe. Munthu wabwino yekhayekha sakoma kuonera."

"Ndiye unamumwetsa mowa ali m'manda kuti akome?"

Mafumu a m'mudzi anagamula: ngati a kwa Ioapo satikhululukira, tisamuke. Tisiye nyumba, tisiyenso manda a amayi amene ali pakhomo pomwepo. Njira inatsala imodzi yokha, ifoga. Wamkulu wa banja amakakhala pabwalo la olakwiridwa m'bandakucha, atazolika mutu, atafunda mkeka waulemu, ndipo sadzuka mpaka eni ake atabwera kudzamuvundukula. Akapanda kubwera, kwatha. Wamkulu wathu ndi bambo, munthu wa shuga, maondo otupa, zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu. Ndinawaletsa mpaka kulira.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, Sieni," anatero. "Tulutsa mkeka wa agogo ako."

Polu anafika pa sitima ya pamadzi ya madzulo ndi mzungu wina wamtali, akuti mnzake, ndi zikwama zakuda zitatu. Ine kupusa kwanga ndinayesa mphatso.

Tinakakhala pabwalo la kwa Ioapo kusanache. Patsogolo pathu tinaika nkhuni ndi miyala ya uvuni, kutanthauza kuti ngati mukufuna, tiotcheni ngati nkhumba. Polu ndiye anawafunditsa bambo mkeka, mwaulemu kwambiri, akukonzakonza m'mphepete. Ndinati mumtima, mwanayu walapa.

Dzuwa linatuluka. Ana a Ioapo anakhala pakhonde akunola zikwanje, osatiyang'ana. Nthawi ya sukulu inakwana, ana anadutsa akunong'onezana. Dzuwa linafika pamutu. Ndinkamva bambo akupuma movutikira pansi pa mkekawo, thukuta likudonthera pamchenga. Mtima unkandiwawa zedi.

Pamenepo m'pamene ndinakaona. M'mphepete mwa mkeka, umene agogo analuka zaka ziwiri mpaka maso kuwonongeka, munapanidwa kamaikolofoni, kakang'ono ngati nyemba. Ndinaponya diso kumsewu. Galimoto imene tinabwera nayo inali ndi zenera lotsegula pang'ono, diso la kamera likunyezimira.

"Polu," ndinanong'ona mano ali pamodzi, "ukujambula bambo ako?"

"Achemwali, chonde, musakweze mawu. Zenizeni zotere sizinajambulidwepo. Dziko liyenera kuona mwambo wathu."

"Galu iwe."

"Chete, mukulowa m'mawu amene tikujambula."

Ha! Ndikulowa m'mawu! Mwala unali pafupi ndi bondo langa. Koma pa ifoga sudzuka, sukweza mutu. Ndikanasuntha, kuvutika konse kwa bambo kukanapita pachabe. Ndinangokhala pomwepo, mutu uli pansi.

Dzuwa litapendeka, mayi Telesia anatuluka atavala diresi yoyera ya Lamulungu. Anatidutsa ife tonse, n'kupita kugalimoto kuja, n'kugogoda pazenera.

"Tuluka, mwanawe, upsa m'menemo. Takuona kuyambira m'mawa. Bwera ujambulire pafupi."

Mzungu uja anatsika nkhope ili psuu, kamera ili paphewa. Mayiwo anabwerera n'kuima pamaso pa Polu.

"Faleupolu, kanema wako woyamba unakaonera kuti?"

"Kutsidya la nyanja, ku tauni ya Apia, amayi."

"Unapitako bwanji?"

Polu anayang'ana kumbali.

"Wauma pakamwa, wolemba wamkulu? Ndikuuze ine. Loweruka lililonse mwamuna wanga ankakukweza pa basi, kukukhazika pambali pake, kukakusiya padoko m'manja mwa m'bale wake kuti uwoloke naye. Madzulo ankadikira sitima yomaliza chifukwa cha iwe, anthu akumutukwana kuti akuchedwa. Akafika kunyumba ankati, 'Kamwana kaja kandifotokozera filimu yonse, kadzapita patali.' Kutsimphina kwake unakuona. Nyimbo zake unazimva. Botolo lija unaliona liti?"

Polu anagwetsa nkhope mumchenga. Mzungu anatsitsa kamera.

"Ayi, kweza," anatero mayi Telesia. "Si zenizeni zimene mumafuna?"

Kenako anawerama, n'kugwira mkeka ndi manja awiri, n'kuuchotsa pamutu pa bambo pang'onopang'ono.

"Dzukani, achimwene. Inu simunandilakwire. Palibe amene asamuke. Lowani m'nyumba mumwe madzi."

Ndinalira mokweza, sindibisa. Koma bambo analephera kudzuka. Miyendo inali itauma, milomo itang'ambika. Polu anathamanga kuti awagwire m'khwapa. Iwo anamukankha dzanja, osati mwamphamvu, chifukwa mphamvuzo analibe. Ana awiri a Ioapo, omwe aja ankanola zikwanje, ndi amene anawadzutsa.

Ataima, bambo anatambasula dzanja kumkeka umene mayi Telesia ananyamula, n'kuchotsa kamaikolofoni kaja okha. Ndiye kuti anakamva kakuwakhudza khutu tsiku lonse. Anakabweretsa pafupi ndi pakamwa.

"Kakumva?" anafunsa.

"Eya, ababa," anayankha Polu.

"Chabwino. Paja umadziwa kusintha mbiri za anthu. Ukamadzalemba yanga, ulembe kuti ndinabereka mwana mmodzi, wamkazi."

Anakaika m'dzanja la Polu, n'kulowa m'nyumba ya Ioapo atatsamira ana a Ioapo.