Chala cha Ababa

Chingwe cha kanema chinkachokera pamtengo wa mumsewu, kudutsa pamwamba pa mpanda, n'kulowa pawindo la m'khonde. Pansi pa tebulo la pamenepo panali kompyuta yakale yopanda chivundikiro mbali imodzi. Mwamuna wa telala, amene ankagwira ntchito yokonza makompyuta, anaikonza kuti izijambula mapulogalamu n'kumawasunga. Kenako anakoka zingwe zina: chimodzi kuchipinda chochezera, china kuchipinda chosokeramo cha mkazi wake chimene chinayang'ana kumsewu, china kukachipinda ka kuseri kwa bwalo kumene kunkakhala apongozi ake.

Bambo ake a telala anali atapuma ntchito yoyeza misewu. Chaka chapitacho matenda ofa ziwalo anawagwira mbali ya kumanzere. Anachira, koma mwendo unkakoka, ndipo dokotala sanabise kuti matendawa amatha kubweranso mosachenjeza. Mwana wawo anayamba kumasuzumira m'chipinda mwawo pafupipafupi, mpaka tsiku lina anawapeza atakwinya nkhope, akumudikira.

"Wabwera kudzaona ngati ndafa?"

"Ndabwera kudzatenga kapu, ababa."

"Kapu watenga kale. Ndine khanda ine? Ukandibweretsera tiyi, usabwerenso mpaka chakudya cha masana. Ndikakufuna ndikuitana."

Mawu awo sakanafika kutsogolo. Bwalo linali lalitali, ndipo makina osokera ankasokosera. Onse awiri ankadziwa zimenezo, koma nkhani inathera pomwepo.

Kompyuta ija ndiyo inamupatsa telala njira ina. Pakona ya kasikirini ka m'chipinda chosokeramo pankaoneka kachithunzi ka chimene chipinda chilichonse chikuonera, ndi nambala ya gawo. Akuluwo ankaonera sewero lalitali la banja lina lokangana tsiku ndi tsiku, limene ankalinyoza pa chakudya chilichonse koma osaphonya gawo ngakhale limodzi. Gawo likatha, chithunzi chinkaima n'kumadikira kuti munthu adine batani la rimoti. Choncho nambala ya gawo ikasintha, telala ankadziwa kuti kuseri kwa bwalo chala cha bambo ake chayenda. Anazolowera kukweza maso akamadula ulusi, kuona nambala, n'kubwerera pa nsalu. Sanauze aliyense, ngakhale mwamuna wake, chifukwa mwamunayo sankasunga nkhani yoseketsa. Akanaitulutsa patebulo, ndipo akuluwo akanazula chingwecho tsiku lomwelo.

M'mawa wa tsiku lina telala anawapeza atakhala kale pampando, makatani asanatsegulidwe. Kapu anailandira ndi manja awiri.

"Mwadzuka bwanji, ababa?"

"Mutu ukulemera pang'ono. Tsekula sewero la zitsiru zija."

"Ndikhale nanu kaye?"

"Uli ndi ntchito. Pita."

Sananyoze tiyi kuti wachepa shuga, monga ankachitira masiku onse. Telala anaima pakhomo pang'ono, kenako anatseka chitseko n'kudutsa bwalo.

Ntchito inalipodi. Mayi wina, mwini sitolo ya mankhwala ya mumsewu womwewo, anali ataitanitsa mayunifolomu a antchito ake, ndipo anabwera yekha kudzakhala pabenchi, chikwama pamiyendo.

"Lero sindichoka, amayi. Ndikachoka mumatenga nsalu za anthu ena, zanga n'kuziika pansi pa mulu."

"Ine? Mukundinamizira."

"Sabata yatha munati zatsala mabatani. Lero ndapeza zatsala manja. Ndikabwera mawa ndipeza zatsala nsalu."

Telala anaseka, n'kuponda makina. Atamaliza kolala yoyamba anakweza maso. Nambala inali itasintha. Mtima unakhala m'malo.

Dzuwa linakwera. Mumsewu munadutsa galimoto yotaya zinyalala, ndi munthu wonola mipeni akuliza kabelu kake. Mwini sitolo ankakamba za mtsikana wake wa pakauntala amene ankapaka zikhadabo nthawi ya ntchito. Telala ankavomera ndi mutu, zikhomo zogwirira nsalu zili pakamwa. Ulendo wina anakweza maso gawo likutha kumene. Mayina a osewera anayenda pasikirini, ndipo asanatsitse maso nambala inalumpha.

Zinamudabwitsa pang'ono. Bambo ake sankafulumira chotero. Gawo likatha ankayamba afufuza rimoti m'bulangete, kapena kupita kuchimbudzi ndi ndodo yawo, kapena kuwodzera, moti chithunzi chinkaima nthawi yaitali. Lero lawakomera, anaganiza choncho, n'kutembenuza nsalu.

Chakumasana mwini sitolo anapempha kupita kuseri. Atabwerako anali akupukuta manja pa chikwama.

"Akulu aja akugona? Kanema akungodzilankhulira, makatani ali chitsekere."

Telala anayang'ana pakona ya sikirini. Gawo latsopano linali litangoyamba.

"Ali maso. Angodina kumene."

"Mwadziwa bwanji muli pano?"

"Ndimawadziwa bambo anga."

"Ndapereka moni pawindo, sanayankhe."

"Akakhala pa sewero lawolo sayankha munthu. Ngakhale dokotala anamuyankha gawo litatha."

Nthawi ya chakudya inakwana, n'kupitirira. Panatsala dzanja limodzi la yunifolomu yomaliza, ndipo ulusi unaduka kawiri. Telala anati amalize kaye. Akuluwo akanakhala ndi njala sakanayamba gawo lina, akanatuluka pakhomo n'kumenya ndodo pa chitsulo cha tanki. Anamvetsera makina ataima. Kubwalo kunali zii. Nambala inasinthanso.

Mwamuna wake analowa atakoleka chikwama cha zida paphewa, akununkhiza m'mwamba.

"Atelala, m'nyumba muno mwalowa chilala? Kukhitchini kulibe ngakhale utsi."

"Ainjiniya, manja muli nawo. Mapoto ali pomwe munawasiya chaka chatha."

Mwamunayo anapereka moni kwa mlendo, n'kutsamira pafelemu ya chitseko, akumwetulira ngati munthu wodikira kuyamikiridwa.

"Madala anena chiyani za mphatso yanga?"

"Mphatso yanji?"

"Sanakuuze? Dzulo ndinawaona akulimbana ndi rimoti. Timabatani tija n'tating'ono, chala chawo chimadina tiwiri nthawi imodzi. Ndiye ndinakasintha pa kompyuta. Tsopano gawo likatha, lina likungoyamba lokha. Akhoza kukhala manja ali m'bulangete mpaka sewero lonse lithe."

Phazi la telala linachoka pa chopondera. Singano inaima pakati pa nsalu.

"Mwasintha liti?"

"Dzulo madzulo, titatha kudya. Bwanji?"

"Ndiye lero lonse..."

"Lero lonse chiyani?"

Telala anayang'ana nambala ija, kenako anakumbukira imene anaisiya m'mawa. Pakati pa ziwirizo panali magawo ambiri, ndipo panalibe ngakhale limodzi limene akanati ili ladinidwa ndi munthu. Analavulira zikhomo m'dzanja, n'kuziika patebulo bwinobwino, n'kuimirira.

"Amayi, nanga dzanja la yunifolomu?" anafunsa mwini sitolo, koma mawu ake anatsika asanamalize.

Telala sanathamange. Anadutsa m'khonde, pamene kompyuta inkalira ng'ung'ung'u pansi pa tebulo, kanyali kake kakuphethira. Anatulukira kubwalo. Simenti inkatentha kumapazi, pakuti nsapato anazisiya pansi pa makina. Zovala zimene anayanika m'mawa zinali zitauma gwa. Kumbuyo kwake ankamva mwamuna wake akumutsatira, akufunsabe kuti kwagwanji.

Pakhomo pa kachipinda kaja pankamveka mkazi wa m'sewero akukalipira mlamu wake, ndi nyimbo yokweza mtima pansi pake. Telala anagogoda, monga anamuphunzitsira.

"Ababa? Odi."

Mkazi wa m'sewero anamenyetsa chitseko chake. Telala anatsegula.

Mkati munali mdima ndi fungo la tiyi wotayika. Mpando unali wopanda munthu. Bambo ake anali pansi, pakati pa mpando ndi bedi, atagonera mbali ya kumanja, tsaya lili pa simenti. Tiyi anali atayenderera mpaka kumwendo wa tebulo n'kuuma m'mphepete. Maso awo anali otsegula. Anayenda pang'onopang'ono kuchoka pa mapazi a mwana wawo kufika pankhope pake.

Telala anagwada, n'kuika dzanja pakhosi pawo. Mtima unkagunda. Anawapukuta pakamwa ndi m'mphepete mwa epuloni.

"Ndabwera, ababa. Mukundimva?"

Milomo inayesa. Mbali imodzi yokha ndiyo inasuntha, ndipo chimene chinatuluka sichinali mawu.

"Mwagwa nthawi yanji?" anafunsa mwamuna wake ali pakhomo. Kenako anaona kapu, imene inali itagubuduka pansi pa bedi, ndi buledi wa m'mawa ali m'mbale wosalumidwa, ndipo sanafunsenso.

"Pitani mukapemphe galimoto kwa amayi a sitolo aja," anatero telala osatembenuka. "Muwauze aimike pageti la kuseri. Mubwere ndi bulangete lalikulu, tiwanyamulirepo."

"Ine ndimati ndiwathandize, amayi. Sindimadziwa kuti iwe..."

"Ndikudziwa. Thamangani."

Mapazi ake anamveka akuwoloka bwalo. Telala anakhala pansi, n'kunyamula mutu wa bambo ake kuuika pamiyendo pake. Unali wolemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo tsaya limene linali pa simenti linali lozizira. Anatenga dzanja lawo lamanja, lija linali lamphamvu, n'kuliika m'dzanja lake.

"Ababa, ngati mukundimva, finyani dzanja langa."

Anadikira. Akuluwo ankamuyang'anitsitsa, thukuta likutuluka pachipumi, ngati munthu amene akukankha chinthu cholemera. Zala zawo zinangokhala mmene anaziikira. Kugeti la kuseri galimoto inaliza hutala.