Thovu la pa Revúbuè

Gervásio ankasambira mmene amasambirira anthu a kumapiri, mutu uli njo pamwamba pa madzi, khosi litauma gwa, manja akupalasa ngati galu wogwera m'chitsime. Sitingamunene, poti kwawo ku Zóbuè mitsinje yambiri imalekeza m'mawondo. Nkhondo itatha anatsikira ku Moatize kukafuna ntchito, ndipo mgodi wa malasha unamumeza. Pansi pamenepo denga limakhudza msana, mpweya ndi wolimbirana, ndipo munthu amatuluka akulavula zakuda. Chifuwa chake chinali chitayamba kale kulira usiku ndi usana.

Kenako kunamveka kuti pakufunika anthu osamalira makina opopa madzi kumtsinje wa Revúbuè. Inali ntchito ya panja, ya padzuwa, ndipo Gervásio anaifuna mpaka kumamulanda tulo. Koma wofuna ntchitoyo ankayenera kuwoloka dziwe la pamakinawo mosambira, osaima panjira, kapitawo akuonerera. Dziwelo linali lakuya, lotchingidwa ndi waya chifukwa cha ng'ona.

Bambo Horácio, Mnyungwe wokulira m'bwato pa Zambezi, anavomera kumuphunzitsa padziwe lomwelo Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Anali mkulu wapakamwa. Atangoona kasambiridwe kaja anaseka mpaka kukhala pansi, n'kunena kuti ngakhale ng'ona ingachite manyazi kudya munthu wotero. Anamuuza kuti nkhope ilowe m'madzi, thupi ligone tantha, chifukwa ukadzutsa mutu miyendo imamira. Ukaponya dzanja kutsogolo, thupi lonse lipendekeke ngati munthu wotembenuka pamphasa ali m'tulo, ndipo pakamwa patulukira pokha cham'mbali, khutu limodzi likadali m'madzi.

Kupendekekako Gervásio anakugwira msanga. Chinavuta ndi mpweya. Wosambira amayenera kuutulutsa pang'onopang'ono nkhope ili m'madzi, kuti akatembenuka angokoka wina. Iye ankaugwira zolimba, milomo atatseka, ndipo akafika pakati chifuwa chinkapsa. Apo ankadzuka mwamantha, n'kumwa madzi, n'kukagwira waya akutsokomola.

Malamlungu anapita ndithu, zinthu osasintha. Tsiku lina bambo Horácio anataya mtima.

"Iwe wa kumapiri, mpweyawo ukusungira ndani? Sunabedwepo mpweya pano."

Gervásio anakhala pamchenga. Kenako anafotokoza, maso ali pansi. Chaka chimene anthu ankathawira ku Malawi, iye ndi mng'ono wake Lázaro anakumana ndi amfuti m'njira. Anadumphira m'dziwe la m'dambo n'kumira pansi pa bango. Gervásio anagwira mpweya mpaka m'maso munada. Lázaro anali wamng'ono, sanapirire, ndipo thovu lake litatumphuka pamwamba amfutiwo anadziwa powombera. Kuyambira tsikulo dzina la mwanayo silinatulukenso pakamwa pa Gervásio, ndipo nkhope yake ikalowa m'madzi milomo inkangodzitsekera yokha.

Mkuluyo sanaseke. Anatola kamwala n'kukaponya m'madzi, kenako anati ana a ku Zambezi akamavutika chonchi amauzidwa kulankhula nkhope ili pansi, mawu alionse, poti munthu sangalankhule mpweya osatuluka.

"Ndinene chiyani, bambo?"

"Zimenezo si zanga, mwanawe."

Gervásio anayesa kuwerenga manambala, anayesa pemphero la Atate Athu, koma nsagwada zinakana. Lolemba analowanso mumgodi ali ndi chisoni cha munthu amene waona khomo koma alibe mwendo wofikira.

Tsiku la mayeso anyamata a ku Moatize anawoloka ngati akusewera. Gervásio analowa komaliza. Anaponya dzanja, thupi linapendekeka bwinobwino, koma milomo inali yotseka monga mwa masiku onse. Atafika pakati chifuwa chinayamba kupsa. Madzi anali a matope, osaona kanthu, ndipo anamva ngati bango lija lamuzunguliranso. Akadzuka apa, mawa ndi mumgodi, mpaka chifuwa chidzamalize ntchito yake. M'mutu mwake munatsala mawu amodzi okha.

Anatsegula pakamwa n'kuitana mng'ono wake.

Thovu linadutsa m'masaya mwake likuphulika pakhutu. Msana wonse unakungika kudikira chipolopolo. Sichinabwere. Thupi linatembenuka lokha, pakamwa panatulukira, ndipo mpweya unalowa wambiri, wozizira, wosalimbirana ndi munthu. Ndi diso limodzi anaona mitambo, ndi bambo Horácio ataima pamtunda akusenda nzimbe ndi mano.

Anabweza nkhope m'madzi n'kuitananso. Anapitiriza choncho, dzanja, dzina, mpweya, mpaka zala zake zinakhudza matope a tsidya.

Kapitawo anagwedeza mutu n'kumuuza kuti abwere Lolemba ndi nsapato za mphira. Gervásio sanadzuke. Anagona chafufumimba pamatopepo mapewa akunjenjemera, ndipo anyamata aja ankaganiza kuti ndi kutopa. Bambo Horácio anazungulira waya, n'kudzakhala pambali pake, n'kumufunsa chapansipansi kuti ankanena chiyani m'madzimo.

"Lázaro," anatero Gervásio, ndipo ulendo uno analitchula pamtunda.